Si ufiti, ndi magazi osagwirizana

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene ikupasula maukwati m'midzi mwathu muno.

Mdzukulu wanga wina anabereka bwinobwino mwana wachisamba. Wachiwiri anabadwa wachikasu maso ndi thupi lomwe, ndipo anamwalira sabata isanathe. Wachitatu anafera m'mimba. Achibale anayamba kuloza chala apongozi ake kuti ndi mfiti, ena nkumati mwamuna wake anamusempha. Atapita kuchipatala chachikulu, madokotala anapeza kuti vuto linali m'magazi.

Magazi athu ali m'magulu a A, B, AB ndi O, komanso munthu amakhala Rh positive kapena Rh negative. Mayi wa Rh negative akatenga pakati pa mwana amene watengera Rh positive kwa bambo wake, magazi a mwanayo amatha kulowa m'thupi la mayi, makamaka pobereka kapena popita padera. Thupi la mayi limayesa magaziwo ndi mdani, ndipo limapanga asilikali. Mwana woyamba kawirikawiri amapulumuka, koma pa mimba zotsatira asilikali aja amawoloka nkukaphwanya magazi a mwana.

Chitetezo chilipo. Kuyambira 1968 pali jakisoni wotchedwa anti-D, amene mayi amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka kapena kupita padera. Koma asilikali akapangika kale, jakisoniyu sathandizanso. Chotsala nkuti mayi aziyezedwa magazi ndi kuunikidwa pafupipafupi, ndipo akachirire kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, kumene khanda lingagonekedwe pa nyale zochotsa chikasu kapena kupatsidwa magazi.

Choncho amayi, yambani sikelo msanga, funsani gulu la magazi anu ndipo alilembe m'buku lanu la kuchipatala. Safunsa anadya phula. Khanda likaoneka chikasu tsiku loyamba, musachedwe ndi mankhwala azitsamba, thamangirani kuchipatala.

Inu abusa ndi ansembe, polangiza achinyamata ofuna ukwati, auzeni akadziwe magulu a magazi awo. Si tchimo la mkazi kapena mwamuna, ndipo si chifukwa chothetsera chinkhoswe. A Unduna wa Zaumoyo nawo aonetsetse kuti mayi wakumudzi akuupeza jakisoniyu.

Mdzukulu wanga lero ali ndi mwana wamoyo, koma apongozi aja anapita kumanda asanapepesedwe.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.