Honda Ikakana Kuchaja, Osathamangira Kugula Batili

Imwe okwera honda ku Petauke na ku Nyimba, nkhani ya sabata ino ndi yanu. Honda yakale ikayamba kuvuta kuliza, ambiri mumathamangira ku shopu kukagula batili. Pakapita masabata awiri, yatsopano nayo yagona. Ndalama ya nshawa yapita, kasitomala pa Petauke turn-off wakwera ya mnzanu.

Batili ili ngati nkhokwe chabe, imasunga zimene yapatsidwa. Malaiti amapangidwa ndi koilo ya mu injini, ija amakanika amati stator, ndipo amadutsa mu regulator asanafike ku batili. Chimodzi mwa izi chikafa, olo mugule mabatili khumi, onse azafa.

Yambani ndi zosalipira. Misewu yathu ya fumbi na mabampu imamasula mawaya. Onani mitu ya batili: ngati pali zoyera monga ufa, palani, mumange zolimba. Onani fyuzi na waya wa earth wogwira ku chitsulo cha honda. Nthawi zambiri vuto limathera pamenepo.

Manje bwerekani multimeter kwa okonza mafoni, muyike pa DC. Injini ili yozima, batili yabwino ya 12 volts imaonetsa pafupi 12.6. Lizani, mukweze moto pang'ono. Nambala ifunika kukwera kufika pakati pa 13.5 na 14.5. Ikakhala pa 12 osasuntha, honda sichaja. Ikapitirira 15, regulator yafa ndipo ikuphika batili. Ndiye chifukwa chake mababu amapsa kawirikawiri, madzi a mu batili n'kumauma. Koma chenjerani: ma Honda CG125 ena akale maningi ndi a 6 volts, choncho werengani pa batili musanapime.

Ngati mulibe mita, yatsani laiti usiku moyang'ana khoma. Mukakweza moto, kuwala kufunika kuwonjezeka pang'ono. Kukangokhala kofooka, pali vuto.

Nanga wolakwa ndi regulator kapena koilo? Tsatani mawaya ochokera mu injini, pa ma honda ambiri amakhala achikasu. Pulagi yake ikakhala yakuda kapena yosungunuka, mwapeza poyambira. Uzani makanika achotse pulagi, apime AC injini ikulira. Malaiti akamatuluka bwino ndi kukwera pamodzi na moto, koilo ili bwino, sinthani regulator. Akakhala ochepa, ndi koilo.

Chinanso, bane: masipika, malaiti owonjezera na chaja ya mafoni atatu pa koilo yaing'ono, ndi kusenzetsa mbuzi katundu wa ng'ombe. Chotsani zina, muone ngati nambala ikwera.

Makanika akakuuzani kuti "gulani batili" asanagwire mita, mufunseni kuti wapima chiyani. Kupima ndi mphindi zisanu chabe. Kukankha honda yodzaza nthochi pa Great East Road usiku, malole akudutsa imwe mulibe laiti, ndi kuseweretsa moyo.