Mlandu Suwola: Hilary Mantel ndi Akufa Osatha Kudziyankhira

Mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mbali imodzi. Wodandaula akatha kuyala nkhani yake, woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata, ndipo ngati sanabwere, bwalo limabalalika kufikira tsiku lina. Koma lilipo bwalo lina limene woimbidwa mlandu sangafikepo ngakhale amuitane kangati, pakuti anagona kale kumanda. Bwalo limeneli ndilo buku la nthano youmbidwa pa mbiri yakale, m'mene wolemba amakhala mboni, namakhalanso woweruza, pamene anthu omvera mlanduwo ndi awerengi miyandamiyanda. M'zaka zathu zino palibe amene anakhala pampando umenewu ndi mphamvu zoposa za Mayi Hilary Mantel a ku England, amene anamwalira pa 22 Sepitembala 2022 ali ndi zaka 70. Ife tikuti chigamulo chimene anapereka pakati pa anthu awiri, Thomas Cromwell ndi Thomas More, chinali chokondera, ndipo kutchuka kwa mabuku awo kwachisandutsa choonadi m'mitu ya anthu ambiri.

Tisanawatsutse, tiyambe tawapatsa ulemu wowayenera. Mayi Mantel anabadwa pa 6 Julayi 1952 ku Glossop, m'chigawo cha Derbyshire, m'banja la anthu wamba lachikatolika limene makolo ake anachokera ku Ireland. Anaphunzira pasukulu ya asisitere, ngakhale kuti chikhulupiriro anachitaya akali mtsikana, ndipo pambuyo pake anaphunzira za malamulo ku London ndi ku Sheffield. M'chaka cha 1977 anapita ku Botswana pamodzi ndi amuna awo, nakhalako zaka zisanu, kenaka nakhalanso zaka zinayi ku Jeddah m'dziko la Saudi Arabia. Buku loyamba limene analemba, lonena za chipwirikiti chimene chinagwetsa ufumu ku France, analimaliza mu 1979, koma osindikiza analikana, ndipo linadzatuluka mu 1992 ndi dzina lakuti A Place of Greater Safety. Moyo wawo wonse anavutika ndi nthenda ya m'chiberekero yotchedwa endometriosis, ndipo opaleshoni imene anawachita ali ndi zaka 27 inawatsekera njira ya kubereka. Kuyambira mu 1985 anatulutsa mabuku asanu ndi anayi a nthano zazitali, amene akatswiri anawayamikira koma anthu ambiri osawagula. Munthu wopirira chotere ife sitingamnyoze.

Buku lachikhumi ndilo linawatchukitsa. Wolf Hall, limene linatuluka mu 2009, linalandira mphotho ya Booker, ndipo lotsatira lake, Bring Up the Bodies, linailandiranso mu 2012, kotero kuti iwo anakhala mayi woyamba, ndiponso mbadwa yoyamba ya ku Britain, kuilandira kawiri. Lachitatu, The Mirror & the Light, linatuluka mu 2020. Mabuku atatuwa agulidwa oposa 5 miliyoni, amasuliridwa m'zinenero zoposa 40, gulu la Royal Shakespeare Company linawasandutsa masewero, ndipo BBC inawaonetsa pa wailesi ya kanema mu 2015 ndi mu 2024.

Nanga nkhani yake njotani? Mfumu Henry VIII inafuna kusiya mkazi wake Catherine wa ku Aragon kuti ikwatire Anne Boleyn, ndipo Papa Clement VII atakana kumasula ukwatiwo, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 1534 lakuti mfumu ndiyo mutu wa Mpingo ku England. Amene anayendetsa malamulo amenewa anali Thomas Cromwell, mwana wa wosula zitsulo ndi wofulula mowa wa ku Putney, amene anakwera kuchokera pa ukalaliki wa Kadinala Wolsey kufikira anakhala dzanja lamanja la mfumu. Thomas More, katswiri wa malamulo amene analemba buku la Utopia mu 1516 ndipo anakhala nduna yaikulu ya zachilungamo kuyambira 1529 mpaka 1532, anakana kulumbira. Anamtsekera m'ndende ya Tower of London mu Epulo 1534, namdula mutu pa 6 Julayi 1535. Papa Pius XI anamlemba m'gulu la oyera mu 1935, ndipo Papa John Paul II anamuika kukhala nkhoswe ya atsogoleri a ndale m'chaka cha 2000. Buku la Wolf Hall limathera pa tsiku limene More anaphedwa.

Luso la Mayi Mantel lagona apa: amatilowetsa m'mutu mwa Cromwell, osatitulutsamonso. Patsamba loyamba tikumana naye ali mnyamata, ali thasa pansi, bambo wake akumpondaponda, ndipo mtima wathu wagwidwa kale, ngakhale kuti palibe chikalata cha nthawiyo chimene chimasimba za kumenyedwa kumeneku. Timalira naye pamene mkazi wake ndi ana ake aakazi awiri afa ndi mliri, timaona chifundo chake pa ana amasiye amene anawalera m'nyumba mwake, timaseka nthabwala zake. Tsono More timamuona ndi maso a mdani wake okha: munthu wodzimva, wonyoza mkazi wake pamaso pa alendo, wokondwera ndi kuzunza anthu osiyana naye chikhulupiriro. More amene anaphunzitsa mwana wake wamkazi Margaret Chilatini ndi Chigriki m'masiku amene atsikana sankawerengedwa pa za sukulu, More amene Erasmus anamtama chifukwa cha ubwenzi ndi nthabwala zake, ameneyo amangosuzumira pang'ono nabisikanso.

Pano tiyenera kunena zoona zimene ena a ife sakonda kumva. More anali ndi zolakwa zazikulu. Pa nthawi ya unduna wake anthu asanu ndi mmodzi anatenthedwa chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo iye anavomereza zimenezi, nalembanso mawu aukali potsutsa William Tyndale, womasulira Baibulo m'Chingerezi. Kulembedwa m'gulu la oyera sikufafaniza phulusa limenelo. Ndi zoonanso kuti sewero la Robert Bolt la mu 1960, A Man for All Seasons, ndi kanema wake wa mu 1966, zinamyeretsa More mopitirira muyeso ndi kumdetsa Cromwell kotheratu, pamene katswiri wa mbiri G. R. Elton anali atasonyeza kale mu 1953 kuti Cromwell anali mmisiri weniweni wa kayendetsedwe ka boma. Ndiye amene analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro, ndipo ndiye anathandiza kuti Baibulo lachingerezi la mu 1539 lifike m'matchalitchi. Choncho kuongola kunafunikadi. Koma woongola mtengo wopindika akaupindira mbali inayo, mtengowo ukali wopindikabe. Nkhani yakuti More ankazunza akaidi m'nyumba mwake ku Chelsea inafalitsidwa makamaka ndi buku la John Foxe la mu 1563, ndipo mwini wake anali ataikana poyera m'buku lake la Apology mu 1533. Pamene mboni zinasiyana, Mayi Mantel anasankha mawu a woneneza.

Tiyeni tsono timuyese Cromwell ndi muyeso womwewo umene anayesera More. Lamulo la mu 1534 limene iye anayendetsa linasandutsa mawu apakamwa chabe kukhala mlandu woukira mfumu, woyenera imfa. More anadziteteza pokhala chete, ndipo anamgwetsa ndi umboni wa munthu mmodzi, Richard Rich, wogwira ntchito limodzi ndi Cromwell, umboni umene More anautcha bodza lolumbirira pamaso pa bwalo. Pa 4 Meyi 1535 akuluakulu atatu a chipani cha Carthusian anapachikidwa ndi kudulidwa nthulinthuli ku Tyburn, ndipo mu 1537 anzawo khumi anamangidwa maunyolo m'ndende ya Newgate, asanu ndi anayi nafera momwemo ndi njala. Mu Meyi 1536 Anne Boleyn ndi amuna asanu, mmodzi wa iwo mlongo wake, anadulidwa mitu pa milandu ya chigololo imene akatswiri ambiri a mbiri amaiyesa yopeka. Mu 1538 wansembe John Forest anatenthedwa wamoyo ku Smithfield, kusonyeza kuti nkhuni sizinathe pamene More anachoka pampando. Pakati pa 1536 ndi 1540 nyumba zoposa 800 za amonke ndi asisitere zinatsekedwa, chuma chake nichipita kwa mfumu ndi okondedwa ake. Ndipo m'timapepala ta Cromwell tokumbutsira ntchito muli mzere wonena kuti Richard Whiting, nkhalamba imene inali mkulu wa nyumba ya amonke ya Glastonbury, azengedwe mlandu kumeneko ndi kuphedwa komweko. Chilango chinalembedwa mlandu usanayambe, ndipo nkhalambayo inapachikidwa pa 15 Novembala 1539.

Okonda mabukuwa adzatiyankha kuti Mayi Mantel sanabise nkhanza za Cromwell, ndiponso kuti nthano ndi nthano basi. Inde, zambiri mwa izi zilimo m'mabukumo, koma zimatifika zitakutidwa ndi zifukwa za mwini wake. M'buku lachiwiri, anayi mwa amuna amene anafa ndi Anne Boleyn akuonetsedwa kuti ndi omwe aja ananyoza malemu Wolsey m'sewero lachipongwe, kotero kuti kupha anthu osalakwa kumaoneka ngati kukhulupirika kwa wantchito wobwezera mbuye wake. Chifukwa chimenechi chinaumbidwa ndi wolemba, ndipo wowerenga amatseka buku akumvera chisoni wakupha koposa ophedwa. Kunena za mawu akuti nthano ndi nthano basi, tifunse: mwa anthu mamiliyoni amene anawerenga mabukuwa kapena kuonera kanema, ndi angati amene anatsegula mbiri ya Cromwell imene Diarmaid MacCulloch anatulutsa mu 2018, kapena kuwerenga makalata amene More analembera mwana wake ali m'ndende? Katswiri wa mbiri John Guy anadandaula mu 2017 kuti achinyamata ena ofuna malo pa yunivesite ya Cambridge ankatchula nthano za Mayi Mantel ngati umboni wa mbiri. Pamene nthano yokoma ndi mbiri youma zikumana panjira, imene imalowa m'nyumba za anthu ndi nthano.

Sitinganenenso kuti woweruza wathu analibe mbali. Mayi Mantel, pokhumudwa ndi milandu ya kuzunza ana imene inachititsa manyazi Eklezia, ananena poyera mu 2012 kuti Mpingo wa Katolika sulinso malo a anthu olemekezeka. Mkwiyo wawo pa milandu imeneyo unali woyenera, ndipo ife sitiwadzudzula nawo. Chimene tikukana nchakuti munthu amene anafa mu 1535 alipire ngongole ya zolakwa za m'zaka zathu. Pabwalo lililonse lolongosoka, amene ali ndi chakukhosi ndi mbali imodzi amadzipatula, koma pabwalo la nthano palibe womuuza kuti atero.

Komabe funso lalikulu likuloza kwa ife awerengi. Chifukwa chiyani mbadwo uno wamkonda Cromwell chotere? Tikuganiza kuti nchifukwa chakuti iye ndi munthu wa mtundu umene dziko la lero limaulambira: wochokera kufumbi, wochenjera pa ndalama, wodziwa kukondweretsa bwana, womaliza ntchito iliyonse imene wapatsidwa popanda kufunsa zambiri. Munthu wonena kuti chikumbumtima changa chikundiletsa amatitopetsa, timamuyesa wouma mutu ndi wodzikuza, chifukwa kukana kwake kumatiyalutsa ife amene tinavomera. Boma lililonse lankhanza limene dziko lapansi laonapo linaima pa mapewa a anthu onga Cromwell, akalaliki aluso okonda ana awo, amene analemba zigamulo milandu isanazengedwe. Anthu onga More, okana kulumbira chimene sakhulupirira ngakhale lupanga lili pakhosi, akhala osowa m'mibadwo yonse. Buku limene liphunzitsa anthu mamiliyoni kusirira woyambayo ndi kunyansidwa ndi wachiwiriyo lachita kanthu koposa kusangalatsa.

Mathero a Cromwell mwini wake akadayenera kutichenjeza. Anamgwira pa 10 Juni 1540, nyumba ya malamulo nimgamula kuti afe popanda kumva mbali yake, njira yomweyo imene inagwiritsidwa ntchito m'masiku a mphamvu zake pa Elizabeth Barton mu 1534 ndi pa Margaret Pole mu 1539. Analembera mfumu kupempha chifundo, koma anamdula mutu pa 28 Julayi 1540. Iye amene anamana anzake bwalo anamanidwa bwalo, ndipo pamenepo tikummvera chisoni ndithu. Chimene tikupempha nchakuti chisoni chomwecho ndi chilungamo chomwecho zifikenso kwa More, kwa amonke a ku Newgate, ndi kwa anthu asanu ndi mmodzi aja amene anapsa More ali pampando.

Tsono mabuku a Mayi Mantel awerengedwe, pakuti ndi ntchito ya mmisiri ndipo owaletsa angakhale opusa. Koma wowerenga akumbukire kuti wamva mboni imodzi, yodziwa kulankhula kwambiri, ndi kuti mboni zina zikali kudikira panja pa bwalo. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo uwu, ngakhale papita zaka pafupifupi 500, sunathe.