Ndalama zikasowa mu akaunti, wopereka umboni akhale banki

Langizo limene mabanki ndi makampani a mafoni amabwereza tsiku ndi tsiku pa wailesi, pa zikwangwani ndi m'mauthenga a pafoni ndi lakuti munthu asauze wina aliyense nambala yake yachinsinsi, ndipo palibe amene angatsutse kuti langizoli ndi labwino. Chodandaulitsa n'chakuti mawu omwewa asanduka pothawira pa osunga ndalama za anthu, moti munthu wa ku Kapata, ku Mchini kapena ku Chadiza akapeza kuti ndalama zatuluka mu akaunti yake iye osadziwa, funso loyamba limene amakumana nalo nthawi zambiri limakhala lakuti anauza ndani nambalayo. Funso limeneli limagamula mlandu usanazengedwe, chifukwa limaika wobedwa pa malo a wolakwa, pamene banki, imene inalandira ndalamazo ndi lonjezo lakuti izisunga, imakhala ngati mboni yongoonerera. Dongosolo lotere ndi lokhota, ndipo Zambia ikufunikira lamulo lonena mosapita m'mbali kuti ndalama zikatuluka popanda chilolezo cha mwini wake, wozisunga azibweze msanga, pokhapokha ngati iyeyo atapereka umboni wakuti mwini ndalamayo anachita chinyengo kapena kusasamala kwakukulu.

Khadi la ngongole, limene mwini wake amagulira zinthu ndi ndalama za banki n'kudzabweza pambuyo pake, ndi la anthu ochepa ku Chipata, makamaka amalonda akuluakulu ndi alendo odutsa popita ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa. Chimene aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi opuma pantchito amanyamula ndi khadi lotapira ndalama zimene zili kale mu akaunti yawo, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa wakuba akagwiritsa ntchito khadi la ngongole amakhala kuti waba ndalama za banki, pamene akagwiritsa ntchito khadi lotapira amakhala kuti watenga malipiro a mwezi amene banja limayembekezera kugulira ufa ndi kulipirira nyumba. Anthu ochuluka kuposa pamenepo amasunga ndalama pafoni kudzera mu Airtel Money, MTN MoMo ndi Zamtel. Kafukufuku wa FinScope wa 2020 anapeza kuti akuluakulu ogwiritsa ntchito ndalama za pafoni anakwera kuchoka pa 14 mwa anthu 100 aliwonse mu 2015 kufika pa oposa 58 mwa anthu 100 aliwonse, ndipo popeza maakaunti a kubanki tsopano amalumikizidwa ndi foni, wakuba amene walanda nambala ya foni ya munthu amakhala kuti wapezanso njira yolowera kubanki kwake. Si anthu onse amene analowa m'dongosololi mwa kufuna kwawo. Boma lomwe linapereka makhadi a Visa kwa alimi pa ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo, kuyambira m'maboma 13 m'nyengo ya 2015/16 mpaka kufalikira m'dziko lonse m'nyengo ya 2017/18, ndipo amene analowetsa mlimi m'njira imeneyi ali ndi udindo womuteteza pamene njirayo yamupweteka.

Njira zobera n'zambiri, ndipo zingapo mwa izo sizifuna n'komwe kuti mwini ndalama alakwitse kanthu. Pali kachipangizo kamene akuba amamata pakamwa pa makina a ATM kapena kubisa m'makina olipirira m'sitolo, kamene kamakopera zonse zolembedwa pa kamzera kakuda ka kuseri kwa khadi, kwinaku kamera yaing'ono ikujambula zala za munthu pamene akulemba nambala yachinsinsi. Pali kugula pa intaneti, kumene sikufuna khadi lenileni koma manambala 16 a kutsogolo, tsiku lothera ntchito ndi manambala atatu a kuseri, zimene aliyense wogwira khadilo kwa mphindi imodzi angathe kuzijambula, ndiponso zimene zimabedwa zambirimbiri nthawi imodzi pamene makompyuta a sitolo yakutali athyoledwa. Palinso kusinthitsa simu khadi, pamene wakuba amanamizira kuti ndiye mwini nambala ndipo foni yake yatayika, n'kupatsidwa simu khadi yatsopano, moti manambala otsimikizira amene banki imatumiza pa kugula kulikonse amafikira kwa iye, pamene foni ya mwini wake yangozima netiweki. Njira imene imafuna kuti wobedwa achitepo kanthu ndi ya bodza la pakamwa, monga uthenga wodziwika uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena foni ya munthu wodzitcha wa kubanki amene amatchula dzina lonse la woimbiridwayo, ntchito yake ndi nthambi imene anatsegulira akaunti. Funso limene silifunsidwa mokwanira n'lakuti woimbayo anazitenga kuti zinsinsi zimenezi, popeza lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021 limaika udindo wozisamala pa kampani imene inazisonkhanitsa.

Amene amaganiza kuti nkhaniyi ndi ya mnyamata mmodzi wochenjera ndi gogo mmodzi wosadziwa kuwerenga sanaone kukula kwa zimene zikuchitika. Mu April 2024 bungwe la Drug Enforcement Commission, mogwirizana ndi nthambi zina za chitetezo, linagwira anthu 77 pa kampani ya Golden Top Support Services m'dera la Roma ku Lusaka, kumene kunapezeka masimu khadi oposa 13,000, ndipo mu June chaka chomwecho khoti linagamula anthu 22, ambiri a iwo ochokera ku China, kuti akakhale kundende zaka zoyambira 7 mpaka 11. Mu March 2025 bungwe la apolisi a dziko lonse lapansi la Interpol linalengeza kuti pa ntchito yotchedwa Operation Red Card, apolisi a mu Zambia anagwira anthu 14 owaganizira kuti ankatumiza mauthenga okhala ndi linki imene munthu akaidina inkalowetsa pulogalamu yakuba mu foni, n'kupatsa akubawo mpata wolowa m'maakaunti a kubanki. Awa ndi magulu okhala ndi maofesi, antchito olembedwa ndi makina odula. Kunena kuti mayi wogulitsa mtedza ku Saturday Market ayenera kuwagonjetsa yekha ndi tcheru chake, ndipo akalephera aluze zonse, ndi kusenzetsa katundu wolemera munthu amene ali ndi mphamvu zochepa kuposa onse okhudzidwa.

Pachimake pa nkhaniyi pali umboni. Banki ndi kampani ya foni ndi zimene zimadziwa ola limene ndalama zinatuluka, makina kapena foni imene inagwiritsidwa ntchito, dera limene foniyo inali, akaunti imene inalandira, ejenti amene anapereka ndalamazo pamanja, ndiponso tsiku limene simu khadi inasinthidwa ndi wantchito amene anaisintha. Wobedwa alibe chilichonse mwa zimenezi kupatula kauthenga ka pafoni konena kuti ndalama zatuluka, komabe ndi iyeyo amene amayembekezeredwa kutsimikiza kuti sanachite chinthu, zimene n'zosatheka kwa munthu aliyense. Mwambo wa kumudzi unaona kale chilungamo cha nkhani yotere, chifukwa munthu amene wasungitsidwa ng'ombe ya mnzake, ng'ombeyo ikafa kapena kusowa, ndi iye wosunga amene amafotokoza pamaso pa mwini wake ndi akuluakulu, ngakhale kuonetsa chikopa, ndipo palibe nyakwawa imene ingauze mwini ng'ombe kuti apereke umboni wakuti sanabwere usiku kudzatsegula khola.

Mayiko ena anaika mfundo imeneyi m'malamulo awo kalekale. Ku America, munthu amene khadi lake la ngongole lagwiritsidwa ntchito ndi wakuba salipira zoposa madola 50, ndipo lamulo la Fair Credit Billing Act la 1974 limamupatsa masiku 60 otsutsira zolakwika zimene waona pa chikalata cha ngongole yake. Ku Britain, malamulo a 2017 amalamula banki kubweza ndalama zotuluka popanda chilolezo lisanathe tsiku la ntchito lotsatira, amapatsa mwini akaunti miyezi 13 yodandaulira, ndipo amanena momveka kuti kungoonetsa kuti khadi ndi nambala yachinsinsi zinagwiritsidwa ntchito sikukwanira pakokha kutsimikiza kuti mwini wake analoleza kapena anachita mosasamala. Kuyambira pa 7 October 2024 dzikolo linapitirira pamenepo, n'kulamula kuti ngakhale munthu amene ananamizidwa mpaka kutumiza yekha ndalama abwezeredwe kufikira mapaundi 85,000, ndipo mtengo wake ugawidwe pakati pa banki yotumiza ndi banki yolandira. Kugawana kumeneku ndiye nzeru yaikulu ya lamuloli, chifukwa kampani imene inalola wakuba kutsegula akaunti imamva kuwawa m'thumba mwake, motero imayamba kufufuza bwino amene ikuwalembetsa.

Otsutsa amanena kuti lamulo lotere lingatsegulire khomo anthu abodza amene angatape okha ndalama n'kunamizira kubedwa, komanso kuti mtengo wake ungabwerere kwa makasitomala onse. Nkhawa yoyambayo ili ndi yankho m'lamulo lomwelo, popeza banki imene ili ndi umboni wa chinyengo imakana kubweza ndipo imapereka wonamayo kwa apolisi, ndipo zida zofufuzira bodza lotere zili kale m'manja mwake. Pa nkhawa yachiwiri, mtengo wa umbava ukulipidwa kale lero, kungoti ukugwera munthu mmodzimmodzi amene amaluza ndalama za soya za chaka chonse, m'malo mogwera kampani imene ikanatha kuimitsa ndalama zokayikitsa zotuluka pakati pa usiku kuchokera pa simu khadi yosinthidwa dzulo lake. Pali mtengo winanso umene suwerengedwa, wakuti wobedwa osathandizidwa amabwerera kosunga ndalama m'nyumba ndipo abale ake amamutsatira.

Zambia ili ndi malamulo olanga umbava wa pa makompyuta, kuyambira la 2021 mpaka awiri a 2025 amene analowa m'malo mwake, koma kumanga wakuba ndi kubwezera wobedwa ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo mlandu wa kukhoti umatenga miyezi pamene ana akufuna kudya sabata yomweyo. Bank of Zambia, imene imayang'anira mabanki komanso makampani otumiza ndalama, inaonetsa kale kuti ingathe kuima kumbali ya kasitomala pamene mu 2018 inaletsa ndalama zingapo zosayenera zimene mabanki ankadula m'maakaunti a anthu. Mphamvu yomweyo igwiritsidwe ntchito kuika chiwerengero cha masiku obwezera ndalama zobedwa, chofanana kwa mabanki ndi makampani a mafoni. Nalo bungwe la ZICTA, limene limayang'anira za mafoni ndipo linakhazikitsa nambala ya *707# yonenezera manambala a akuba, lili ndi funso loti liyankhe, chifukwa lamulo la 2011 limafuna kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake, kutanthauza kuti nambala iliyonse imene yalandira ndalama zakuba ili ndi dzina, ndipo ngati dzinalo ndi labodza, pali wina amene analilemba osafufuza.

Podikira zimenezi, wobedwa asataye nthawi ndi manyazi, ngakhale kuti manyazi ndi amene amatseka pakamwa anthu ambiri, makamaka ophunzira amene amaopa kusekedwa. Aimbe foni kubanki kapena ku kampani ya foni nthawi yomweyo kuti khadi kapena akaunti itsekedwe, asunge mauthenga onse osafufuta, akapereke lipoti kupolisi, ndipo alembe dandaulo papepala n'kutenga nambala ya dandaulolo, chifukwa dandaulo la pakamwa limaiwalika. Ngati ndalama zinatuluka pa khadi la Visa kapena Mastercard, apemphe banki kuti iyambitse chimene amachitcha chargeback, kumene ndi kuitanitsa ndalamazo kuchokera ku banki ya wogulitsa motsata malamulo a makampani a makhadiwo, ndipo achite changu popeza njirayi ili ndi malire a masiku. Banki ikapanda kuyankha mokhutiritsa, nkhaniyo ipite ku Bank of Zambia kapena ku bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission.

Njira zonsezi zimathandiza munthu wodziwa Chingerezi, wokhala ndi intaneti ndi nthawi, pamene Lusaka ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Chipata, ndipo mlimi wa ku Vubwi amawononga tsiku lathunthu ndi ndalama za galimoto kuti angofika pa nthambi ya banki. Madandaulo ayenera kulandiridwa m'Chinyanja, pa foni yaulere yoyankhidwa ndi munthu usana ndi usiku, ndipo mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria, amene amamveka m'midzi, apatsidwe uthenga wonena za ufulu wa wobedwa pamodzi ndi uthenga wa nthawi zonse wonena za kusunga nambala yachinsinsi. Aphungu a Chipata Central, Luangeni, Kasenengwa, Chipangali, Chadiza ndi Vubwi afunse m'Nyumba ya Malamulo kuti banki iliyonse ndi kampani ya foni iliyonse izilengeza, chigawo ndi chigawo, madandaulo a ndalama zobedwa amene yalandira, angati anabwezeredwa ndi masiku amene zinatenga, ndipo afunse zimenezi nyengo yogulitsa chimanga, soya ndi thonje isanafike, pamene ndalama zimachuluka m'mafoni a alimi.