Jakisoni wa pathako asabayidwe mwachisawawa

Anthu ambiri amakhulupirira kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni, mapiritsi n'ngotaya nthawi. N'chifukwa chake makolo ena, mwana akangotentha thupi, amathamangira kwa anthu obaya jakisoni kuseri kwa magolosale, omwe sadaphunzireko zachipatala. Makolo oterewa sadziwa kuti pathako si paliponse pomwe singano ingalowe.

Mkati mwa thako mumadutsa mitsempha yochokera kumsana, yomwe imapereka uthenga kuminofu kuti igwire ntchito. Umodzi, womwe madokotala amautcha superior gluteal, umalamulira minofu ya m'mbali mwa chiuno yomwe imagwira thupi kuti lisapendekeke munthu akaponda ndi mwendo umodzi. Ukavulala, chiuno chimagwera mbali ya mwendo womwe wanyamulidwa, ndipo munthu amayenda motsimphina. Dokotala wa ku Germany, Friedrich Trendelenburg, adalongosola za vutoli mu 1895.

Wina, inferior gluteal, umayendetsa mnofu waukulu wa thako. Ukaonongeka, kudzuka pampando kapena kukwera chitunda kumasanduka chintchito.

Waukulu kuposa yonse ndi sciatic, womwe nthambi zake zimatsika mpaka kuphazi. Singano ikaulasa, kapena mankhwala aukali monga kwinini akathiridwa pafupi nawo, phazi limatha kulefuka n'kumakwakwaza pansi, nthawi zina moyo wonse. Mwana yemwe adangodwala malungo n'kusanduka wolumala.

Pofuna kupewa ngozi yotereyi, anamwino amaphunzitsidwa kugawa thako m'zigawo zinayi ndi kubaya chigawo chakumtunda, chakunja, kutali ndi sciatic. Makanda, poti mnofu wawo wa thako umakhala usadakhwime, amabayidwa pantchafu. Wobaya kuseri kwa golosale zonsezi sazidziwa.

Choncho makolo asakakamize achipatala kupereka jakisoni pamene mapiritsi angathe kuchiza. Asaopenso kufunsa namwino ngati akuona kuti singano ikulunjika pakati pa thako, pajatu safunsa adadya phula. Ndipo wodwala akamva ululu wonga moto ukutsika mwendo pobayidwa, kapena phazi likachita dzanzi, aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo, chifukwa mafizo oyamba msanga amathandiza kuti mwendo usaume.

Nawo mabungwe a Medical Council of Malawi ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, pamodzi ndi apolisi ndi mafumu, athane ndi madokotala abodzawa asadalumalitse ana ena.