Nkhutukumve Ndani?

Munthu wosaona akamawoloka msewu wa pamsika wa Lizulu amapeza womugwira dzanja. Wolumala miyendo amapatsidwa malo m'basi. Koma wovutika kumva akayankha zosiyana ndi zomwe wafunsidwa, anthu amafa ndi phwete namutcha gonthi. Chilema chake nchobisika, ndipo chifundo chimamulambalala. Khalidwe lotereli ndi nkhanza, ngakhale kuti lazolowereka.

Vutoli si la anthu owerengeka ayi. M'chaka cha 2018 akatswiri a London School of Hygiene and Tropical Medicine, pamodzi ndi madokotala a m'dziko muno, anapima makutu a anthu oposa 1,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo m'boma la Ntcheu. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kumva, ndipo kwa mmodzi mwa 10 alionse vutolo linali lalikulu ndithu. Chomvetsa chisoni nchakuti pa anthu 100 ofunika kachipangizo kothandiza kumva, sipankapezeka ngakhale mmodzi wokhala nako. Amenewa ndiwo agogo amene amangoti duu pamaliro ndi pabwalo la milandu, anthu nkumati ukalamba wawatha nzeru.

Ana nawonso ali pa moto. Khutu likamatuluka mafinya, makolo ena amati nza ubwana, lidzauma lokha. Ena amathiramo timadzi ta zitsamba kapena kutokosamo ndi nthenga, osadziwa kuti akuwonjezera bala. Chikuku, malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi nazonso zimagonthetsa. Mwana wotere akafika kusukulu amakhala kumbuyo m'kalasi lodzaza, amangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedera, kenaka amatchedwa mbuli kapena nkhutukumve mpaka sukuluyo amaisiya. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati ana 6 mwa 10 alionse osamva amagontha ndi zinthu zopeweka.

Thandizo lilipo, koma lili kutali ndi olifuna. Ku Blantyre, pachipatala cha Queen Elizabeth, amapima makutu ndi kuveka anthu tizipangizo tokweza mawu. Chimodzimodzinso pachipatala cha makutu cha African Bible College ku Lilongwe. Sukulu ya ana osamva ili ku Mua m'boma la Dedza, ina ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Nanga mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano angapeze kuti ndalama zoyendera makilomita oposa 100 kangapo konse? Kachipangizoko kamafuna mabatire, kamafuna kukonzedwa, ndiponso sikachiza khutu, kamangokweza mawu basi. Kumuveka munthu kenaka nkumutaya kuli ngati kumupatsa khasu lopanda mpini.

Ena amati dziko losauka liyambe lalimbana ndi matenda akupha, za makutu zibwere pambuyo. Maganizo amenewa ngoperewera. Kuchotsa phula lotseka khutu, kupereka mankhwala a mafinya ndi kubayitsa ana katemera wa chikuku sizifuna chuma chambiri. Komanso mayi amene sanamve bwino malangizo a namwino amamwa mankhwala molakwika, ndipo imfa yake imalembedwa pa matenda ena.

Nchifukwa chake alangizi a zaumoyo ayenera kuphunzitsidwa kuyang'ana m'makutu, ndipo akatswiri azifika pachipatala cha Ntcheu pa masiku odziwika, mabatire ali m'manja. Aphunzitsi azikhazika kutsogolo mwana wovutika kumva, azilankhula atamuyang'ana, osati atapenya kubolodi. Chinenero chamanja, chomwe bungwe la anthu osamva la MANAD limalimbikitsa, chiphunzitsidwe kwa anamwino, apolisi ndi atsogoleri a mipingo.

Wosamva sanasankhe kugontha. Nkhutukumve weniweni ndi uja ali ndi makutu abwinobwino, wauzidwa zonsezi, koma akusekabe. Akumbukire kuti ukalamba sudumpha khomo: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.