Mwana wanu wophunzitsa kunja si nkhokwe ya fataleza

Mvula ikayandikira, m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala, mafoni ocokera m'midzi ya kuno kum'mawa amalira kwambiri kunja kwa dziko. Makolo afuna mbeu ndi fataleza, a kopaletivu akumbutsa za ndalama ya FISP, nayo komiti ya zomanga ku chalichi ifuna simenti ndi malata mvula isanagwe. Pa maina a anthu oimbiridwa foni sipalephera kupezeka mwana wa pamudzi amene aphunzitsa ku Botswana, ku Namibia kapena ku South Africa.

Ife sitiletsa kupempha. Mwana kuthandiza makolo ndi mwambo wathu, ndiponso ndi zimene timaphunzitsidwa m'mipingo. Cimene tidandaula naco n'cakuti ambiri a ife timamukumbukira mphunzitsi uja pa tsiku la malipiro cabe. Sitifunsa kumene agona, cimene adya, kapena amene aceza nao dzuwa likalowa. Mabanja ena adziwa mtengo wa Pula ndi Rand tsiku ndi tsiku, koma sadziwa dzina la sukulu imene mwana wao aphunzitsako.

Titenge Botswana monga citsanzo, cifukwa ndiko kunapita aphunzitsi athu ambiri. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 dziko limenelo, ndi ndalama za miyala ya dayamondi, linamanga masukulu ambiri a sekondale m'midzi, koma linalibe aphunzitsi okwanira. Linalemba nchito alendo ocokera ku Zambia, Zimbabwe, Ghana, India ndi Britain, makamaka odziwa masamu ndi sayansi. Kuno kwathu inali nthawi yomanga lamba. Kwacha inali kugwa, ndipo malipiro a mphunzitsi anali kutha mwezi usanafike pakati. M'caka ca 2004 aphunzitsi masauzande amene anatsiriza m'makoleji anangokhala kunyumba, cifukwa boma linacepetsa kulemba anthu nchito kuti likhululukiridwe nkhongole za kunja, zimene zinatheka mu 2005. Palibe angaimbe mlandu mphunzitsi amene anatenga cola cake ndi kuoloka Zambezi pa pantuni ya ku Kazungula.

Koma akulu anati walira mvula walira matope, ndipo dzina lakuti Pula m'Citswana litanthauza mvula. Matope ake ndi amene tifuna awerengi athu aadziwe.

Kucoka ku Chipata kufika ku Francistown ndi makilomita oposa 1,500. Ambiri sanatumizidwe n'komwe m'matauni monga Francistown kapena Gaborone, koma ku masukulu a m'midzi ya mcenga, kumene kutentha kwa Okutobala kupikisana ndi kwa ku cigwa ca Luangwa, ndipo mu Juni madzi amatha kuuma ndi cisanu. Nyumba za aphunzitsi ndi zocepa, motero munthu wamkulu amene anasiya mkazi ndi ana kwao akhoza kupezeka agawana khichini ndi bafa ndi munthu amene sanamuonepo cibadwire. M'kalasi aphunzitsa m'Cizungu, koma ana akatembenuka alankhulana Citswana kapena Cikalanga, ndipo akaseka iye sadziwa ngati aseka za iye. Pa msonkhano wa makolo akhala duu mpaka wina amumasulire. Ufa wa cimanga ulipo m'masitolo, koma cibwabwa cotendera, kapenta ndi nshawa za kumunda kwao amangozilota.

Nchito yake amaigwira ndi mantha amene mnzake wa dziko lomwelo sakhala nao. Mlendo alembedwa pa kontilakiti ya zaka zowerengeka, ndipo ciphaso cake cokhalira m'dzikomo cidalira nchitoyo. Ana akalephera mayeso, ndiye woyamba kulozedwa cala. Akasemphana mau ndi mkulu wa sukulu ameza mate, cifukwa adziwa kuti munthu yemweyo ndiye adzalemba lipoti kontilakiti ikamatha. M'basi kapena pa mzera wa ku banki akhoza kumva liu lija lonyoza alendo, lakuti makwerekwere. Ku South Africa mnyozo wotere unafika pokhetsa mwazi m'mwezi wa Meyi 2008, pamene anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo.

Zonsezi munthu wolimba mtima amapirira. Pamene ambiri agwera ndi madzulo.

Ganizirani mphunzitsi wa pa sukulu ya kwanu kuno. Akaweruka ali ndi dimba lothirira, ali ndi kamunda ka cimanga kuseri kwa sukulu, ali ndi kwaya pa Citatu, mphakati pa Cinai, maliro kwa amfumu, ndi ana omufunsa za homuweki. Akacedwa ku moba wa moseketsa anzake, mkazi wake adziwa, apongozi amva, ndipo pa Sondo mkulu wa mpingo amutengera pambali. Mnzake wa kunja zonsezi alibe. Munda sangapatsidwe monga ipatsidwira nzika. Belu likalira ca m'ma 16 koloko, abwerera m'cipinda copanda munthu, ndipo maola amene atsala kufikira tulo ndi ambiri. Malo amene ali ndi magetsi owala, wailesi ya kanema yoonetsa mpira ndi anthu omupatsa moni ndi ku bala. Kumeneko sadzafunsidwa ciphaso, ndipo pakutha pa mwezi aliyense ndi bwenzi lake.

Poyamba ndi botolo limodzi pa Cisanu. Kenaka ndi ulendo wa ku tauni pa Ciweru, kukagona ku loji pamodzi ndi anzake a kwao, kuvina nyimbo za kalindula kufikira kuca. Pambuyo pake pabwera mai wina womuphikira ndi kumucapira, ndipo m'zaka ziwiri pali nyumba yaciwiri imene akumudzi saidziwa. Naye mphunzitsi wamkazi sapulumuka: kusungulumwa n'kumodzimodzi, ndipo iye ali ndi vuto loonjezera la amuna amene amati adzamuthandiza pa za mapepala.

Atsogoleri a Botswana eni ake anaona kuti mowa waononga anthu. Mu 2008 pulezidenti Ian Khama anaika msonkho wa 30 peresenti pa mowa ndi kucepetsa maola otsegulira mabala. Koma lamulo silithetsa kusungulumwa. Ndipo tisaiwale kuti zaka zimene aphunzitsi athu anali kukhamukira kumeneko ndizo zaka zimene matenda a Edzi anali kusesa maiko onse a cigawo cino. Botswana inayamba kupereka ma ARV aulere kwa nzika zake mu 2002, koma alendo analowetsedwa m'ndondomekoyo mu 2019. Kwa zaka zonse za pakatipo, mphunzitsi wa ku Zambia wopezeka ndi kacirombo anayenera kudzigulira mankhwala kapena kubwerera kwao. Ena anabisa matenda kuopa kutaya nchito. Mipingo yathu inaimba pa maliro a ena mwa iwo, mitembo itabwera m'mabokosi osatsegula, ndalama zonyamulira zitasonkhedwa ndi anzao.

Cina cimene akumudzi saganizira n'cakuti nchito ya mlendo imatha. Botswana inali kuphunzitsa ana ake ku yunivesite ndi m'makoleji a ku Molepolole ndi Tonota, ndipo atakwanira, makontilakiti a alendo analeka kuonjezedwa. Palibe colakwa pamenepo, cifukwa nafenso tinacita cimodzimodzi. Amene anali ndi nzeru anabwerako ndi nyumba ya malata ku Kapata kapena ku Petauke, cigayo, ng'ombe zolimira, ndi ana ophunzira mpaka ku UNZA. Timawadziwa ndipo timawalemekeza. Koma timadziwanso ena amene anabwerako ndi galimoto yakutha ndi masutukesi awiri, zaka zitapita, malo ao m'boma atatenga ena, penshoni palibe cifukwa anacoka osatsazika. Ndalama zao zina zinathera ku bala, n'zoona. Koma zina zinathera kuno: fataleza wogulidwa caka ndi caka amene sanabweze ngakhale thumba limodzi la cimanga, njerwa za nyumba zimene acibale anagulitsa, ndi ng'ombe zimene zinali kufa pa foni cabe.

Lero zinthu zina zasintha. Ulalo wa Kazungula unatsegulidwa mu Meyi 2021, ndipo pantuni ija yatsala m'nkhani. Ndalama zifika pa foni tsiku lomwelo, ndipo pa WhatsApp agogo akhoza kuona nkhope ya mwana wao. Boma lathu linayamba maphunziro aulere mu Januwale 2022 ndi kulemba nchito aphunzitsi oposa 30,000 caka comweco. Komabe makoleji atulutsa aphunzitsi ambiri kuposa malo amene alipo, ndipo acinyamata athu akali kuyang'ana kunja, ena kutali kwambiri kuposa Botswana. N'cifukwa cake nkhaniyi si yakale.

Tsono tili ndi mau kwa magulu anai.

Kwa inu makolo ndi acibale, tikuti imbani foni ngakhale pa tsiku limene simufuna kanthu. Funsani za umoyo wake, za anzake, za chalichi cimene apemphera. Musanapemphe fataleza wa caka cino, muuzeni matumba amene munakolola ndi wa caka catha, ndi zimene munagulitsa ku FRA kapena kwa ogula ena. Ngati anatuma ndalama za nyumba, mutumizireni cithunzi ca cipupa ndi malisiti a simenti. Pakhale munthu mmodzi pabanja wolandira ndalama ndi kulemba m'buku, osati aliyense kuimba payekha usiku. Munthu amene aona kuti thukuta lake likuoneka kumudzi amakhala ndi cifukwa cokanira botolo lacitatu. Amene aona kuti athira madzi m'dengu amataya mtima, n'kunena kuti bola adyeko yekha.

Kwa inu a mipingo, abambo mfumu, abusa ndi akulu a mphakati, musamukumbukire pa nthawi ya envulopu ya zomanga yokha. Mkhristu akamacoka, mpatseni kalata yosamukira kuti akalandiridwe ku mpingo wa kumene apita. Yenderani mkazi kapena mwamuna wotsala, pakuti mayesero ali mbali zonse ziwiri. Pa maphunziro a ukwati nenani poyera kuti banja lokhala motalikirana zaka zambiri lili pa ngozi, ndipo limbikitsani onse awiri kukapimitsa magazi akakumana pa holide. Kucita manyazi pa nkhani imeneyi kwatiikitsa anthu ambiri m'manda.

Kwa inu aphunzitsi amene muli kunja kapena muganiza zopita, werengani kontilakiti musanasaine: zaka zingati, nyumba alipira ndani, mukadwala cicitika n'ciani, ndipo ndalama za kumapeto ndi zingati. Konzani mapepala anu ndi a Teaching Council of Zambia, ndipo ngati muli pa nchito ya boma cokani mwa dongosolo kuti khomo lisatsekeke. Cenjerani ndi anthu olonjeza nchito za kunja amene ayamba ndi kufuna ndalama kapena kusunga pasipoti yanu. Lamulo loletsa kugulitsa anthu la 2008 linaikidwa cifukwa zotere zimacitikadi. Mukafika, kalembetseni ku ofesi ya kazembe wathu, lowani kagulu ka anzanu kothandizana pa maliro, ndipo phunzirani cilankhulo ca eni dziko, ngakhale moni ndi zikomo. Ngati malamulo alola, tengani banja lanu. Ngati salola, bwerani pa holide iriyonse imene mungathe. Ndipo pezani cocita madzulo: kwaya, timu ya mpira ya ana a sukulu, maphunziro a digiri, kapena kabedi ka repu kuseri kwa nyumba. Sitinena kuti mphunzitsi asasangalale ndi anzake. Tinena kuti bala isakhale malo okhawo amene adziwa dzina lanu.

Kwa boma, tikumbutsa kuti mu 2004 maiko a Commonwealth anagwirizana ndondomeko ya kalembedwe ka aphunzitsi ocokera kunja, yofuna kuti asadyeredwe masuku pamutu ndiponso kuti maiko osauka asatsale opanda aphunzitsi. Unduna wa maphunziro uonetsetse kuti ana athu aidziwa asanapite, ndipo upeze njira yolandirira obwerera. Munthu amene waphunzitsa sayansi zaka khumi kunja asakhale pa khonde pamene sukulu ya ku Chama kapena ku Vubwi ilibe womuphunzitsa phunzirolo.

Potsiriza, tisaiwale kuti nafenso tinaphunzitsidwa ndi alendo. Pa ufulu mu 1964 dziko lino linali ndi anthu a digiri pafupifupi 100 cabe, ndipo ambiri amene anapita ku Chizongwe kapena ku Chassa m'zaka zotsatira akumbukira aphunzitsi ocokera ku Britain, ku India ndi ku maiko ena. Ngakhale lero m'midzi ina muli acinyamata a kunja odzipereka, ndipo pa sukulu iriyonse pali mphunzitsi wocokera ku Mongu kapena ku Kasama amene sadziwa Cinyanja bwino ndipo alibe mbale pafupi. Muitaneni ku nsima pa Sondo, mpatseni mizera iwiri ya dimba. Zimene mufuna kuti anthu a ku Serowe kapena ku Maun acitire mwana wanu, yambani inu kucitira mwana wa eni ali pakhomo panu.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwana wanu adzabwerako tsiku lina, ndipo tifuna abwere ndi miyendo yake, ali ndi banja lake ndi kanthu m'manja.