Filimu ya Kamkwamba Ndi Yabwino, Koma Buku Musalithawe

Anzanga, pali mawu amene akufala pasukulu pano. Akuti buku likakhala ndi filimu yake, kuwerenga n'kutaya nthawi, bola kungoonera basi. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga ndi nkhani ya mnyamata wa ku Wimbe, ku Kasungu, William Kamkwamba.

Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009, ndipo analemba mothandizana ndi Bryan Mealer. Filimu yake inabwera mu 2019, anaikonza ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati bambo ake a William. Anaijambula konkuno ku Malawi, ndiye ukamaonera umaona fumbi lathu, Gule Wamkulu, njinga zathu zomwe. Zimasangalatsa, sindikana. Koma nkhani ziwirizi sizifanana ayi.

Choyamba, makina a mphepo aja. Mufilimu, William akuwapanga njala ili pachimake, makinawo akuyendetsa pampu, madzi akulowa m'munda, banja n'kupulumuka. M'buku sizili choncho. Njala ya 2001 mpaka 2002 inayamba yavuta kaye, ndipo makina oyamba atazungulira, chimene chinayaka ndi babu basi. Kenako anakokera magetsi m'nyumba, ankamvera wailesi, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, atakayankhula kale ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007 n'kupeza omuthandiza.

Chachiwiri, laibulale. Filimu ikuonetsa William akuopseza mphunzitsi amene anali pachibwenzi ndi mlongo wake kuti amulowetse mulaibulale ya kusekondale. M'buku, atalephera kulipira fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka kupulayimale ya Wimbe. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankayang'ana zithunzi n'kumafufuza mawu amodziamodzi. Ndi mmene anadziwira buku la Using Energy.

Chachitatu, dainamo. Mufilimu ikuchokera kwa mphunzitsi uja. M'buku anagula ndi Gilbert, mnzake wa William, ndi ndalama zake. Eti mnzako wokugulira chinthu pamene mudzi wonse ukukunena kuti wapenga kapena ukusuta chamba, filimu n'kumuchotsera ulemu umenewo!

Ena munena kuti, "Nanga chavuta n'chiyani? Filimu siyingatenge zonse." Zoona. Filimuyi siyikwana n'komwe maola awiri, ndiye ayenera kudula zina. Komanso filimu imafika kwa agogo athu amene sawerenga Chingerezi, ngakhale Chichewa cha ena mwa osewerawo chimamveka chachilendo m'makutu mwathu. Apa ndikuvomera.

Koma kudula ndi kwina, kusintha phunziro ndi kwina. Woonera filimu yokha amachoka akuganiza kuti nzeru zimagwira tsiku limodzi, madzi n'kutuluka, aliyense n'kuwomba m'manja. Wowerenga buku amaona William akutoleza zitsulo kudzala miyezi ndithu, akuwotcha mapaipi kuti awongoke, zinthu zikuwonongeka iye n'kuyambiranso. Kwa ife oyenda mtunda wautali kudza kusukulu, amene fizi imativuta teremu iliyonse, phunziro lachiwirili ndi limene likutikhudza. Ukamayembekezera zodabwitsa za mufilimu, ukalephera mayeso amodzi a Fizikisi umangoti ine mutu ndilibe. Chonsecho mwini nkhaniyo anayamba ndi kababu kamodzi.

Chinanso, m'buku William amakuuza yekha zamumtima: mantha a ufiti ali mwana, manyazi osiya sukulu anzake akupita, chisoni chokasiya galu wake Khamba kutchire atamumanga pamtengo chifukwa cha njala. Kamera imangoonetsa nkhope, koma buku limakulowetsa m'mutu mwa munthu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Filimu onerani, koma bukunso lifunefuneni. Ngati mulaibulale mwathu mulibe, tipemphe aphunzitsi a Chingerezi atifufuzire ngakhale limodzi, tizibwerekana. Amene mwawerenga kale ndipo simukugwirizana nane, lembani yankho mumate pambali pa pepalali. Koma musang'ambe langa chonde.

Wanu wa Fomu 2